Kompyuta yomwe idaoloka nyanja itapuma ntchito

Namondwe wa Ike atayandikira gombe la Texas m'dziko la America mchaka cha 2008, funso lalikulu lidali lakuti madzi a m'nyanja akwera kufika pati, ndipo anthu a madera ati ayenera kuthawa. Akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya University of Texas ku Austin adakankhira masamu onsewo ku kompyuta ina yotchedwa Ranger, yomwe inkabweza yankho m'maola ochepa chabe namondweyo asadafike kumtunda.

Ranger simakhala patebulo ngati makompyuta a muofesi. Idali mndandanda wa makabati achitsulo odzaza chipinda, okhala ndi tizipangizo towerengera tokwana 62,976 togwira ntchito nthawi imodzi. Masamu aakulu amagawidwa tizidutswatizidutswa, kachipangizo kalikonse n'kutenga gawo lake, monga momwe alimi amagawirana mizere pa dima.

Makinawa adali pamalo a kafukufuku a sukuluyi otchedwa Texas Advanced Computing Center, mwachidule TACC, omwe adakhazikitsidwa mchaka cha 2001. Bungwe la boma la National Science Foundation ndilo lidapereka ndalama zokwana $59 miliyoni. Mchaka cha 2010, mafuta atatayikira m'nyanja ya Gulf of Mexico, Ranger yomweyo idathandiza kulosera komwe mafutawo alowere.

Koma makina oterewa sachedwa kukalamba. Patangotha zaka zisanu, mu 2013, Ranger idapumitsidwa ndipo malo ake idatenga ina yotchedwa Stampede. Mu 2019 kudabwera Frontera, yomwe chaka chimenecho idali yachisanu pa makompyuta othamanga kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2020 gulu la Rommie Amaro wa ku University of California San Diego lidaigwiritsa ntchito pofufuza kapangidwe ka kachirombo ka Covid-19. Kutentha kwake si kwamasewera: zigawo zina za Frontera adachita kuzimiza m'mafuta kuti zizizizira.

Nanga Ranger idathera kuti? Mwachizolowezi ikadaphwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo. M'malo mwake, ena mwa makabati ake adakwezedwa pa sitima ya pamadzi kupita ku Centre for High Performance Computing ya ku Cape Town, ndipo ena adakafika ku Botswana ndi Tanzania.

Ena anganene kuti ndi kaunjika basi. Komabe kumene makabatiwo adafika, ophunzira adapeza mwayi womasula, kulumikiza ndi kuyendetsa makina oterewa ndi manja awo, luso lomwe silipezeka pongowerenga mabuku. Chotsalira kwa sukulu zolandirazo chidali kupeza magetsi osazimazima ndi zipangizo zoziziritsira chipinda, zomwe mtengo wake sudali mbali ya mphatsoyo.