ANAMKUWIZA ASANAGWIRE MPIRA: NKHANI YA OCHEMERERA A KU PHILADELPHIA

Yolembedwa ndi Mtolankhani Wathu

Pa 17 April, 1999, m'nyumba ya misonkhano ya pa Madison Square Garden mu mzinda wa New York, mnyamata wa zaka 22 dzina lache Donovan McNabb anaitanidwa kuti akwere pa nsanja. Mkulu wa bungwe la mpira la National Football League, Bambo Paul Tagliabue, anali atangolengeza kuti timu ya Philadelphia Eagles yasankha mnyamatayo. Koma m'malo momuombera m'manja, anthu ena amene anabvala malaya a timu yomweyo anayamba kumkuwiza ndi mau akuru, ngakhale kuti iye anali asanaponyepo mpira ndi kamodzi komwe m'dzina la mzinda wao.

Nkhani imeneyi ikumbukikabe ku America, ndipo nyengo yosankha osewera ikafika, manyuzipepala ndi nyumba za wailesi za kumeneko zimaibwereza. Taona kuti nkoyenera kuifotokozera awerengi athu, makamaka iwo amene pa nchito yao apatsidwa udindo wosankha anthu, pakuti funso limene liri m'menemo ndi lobvuta: kodi munthu angaweruze bwanji lero chisankho chimene zipatso zache zidzaoneka patapita zaka?

MPIRA WACHE NDI WINA

Poyamba tidziwitse awerengi kuti mpira umene tiri kunena pano si wamiyendo umene tiudziwa tonse. Uwu ndi mpira wonga dzira, umene osewera amaunyamula m'manja, kuthamanga nao ndi kuponyerana. Mbali iri yonse kumakhala anthu 11, ndipo mtunda umene timu yapita patsogolo amauwerenga m'mayadi. Mwa onsewo wofunika koposa ndiye amene amamutcha quarterback, chifukwa ndiye amene amalandira mpira poyamba, naganiza m'kanthawi kochepa woti amponyere kapena kumpatsa. Aliponso wina wochedwa running back, amene nchito yache ndi kulandira mpira ndi kuboola nao pakati pa adani.

Kusiyana kwina nkwakuti mnyamata wochokera ku koleji sasankha yekha timu imene afuna kusewerera. Chaka ndi chaka, kumapeto a mwezi wa April, matimu onse 32 amagawana anyamatawo mwa dongosolo limene eni ache amalitcha draft. Kusankhako kumatenga masiku atatu, kumazungulira ndime 7, ndipo anyamata osankhidwa amapitirira pang'ono 250. Timu imene inachita moipa koposa chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha, ndipo imene inatenga chikho imasankha potsiriza. Matimu amaloledwanso kusinthana malo ao pa mzere monga momwe anthu asinthirana katundu.

Chodabwitsa nchakuti mwambo umenewu unabadwira ku Philadelphia komweko. Bambo Bert Bell, mmodzi wa eni timu ya Eagles, ataona kuti matimu a ndalama ali kutenga anyamata onse abwino, anapempha anzache m'chaka cha 1935 kuti ofooka aziyamba ndiwo kusankha. Chisankho choyamba chinachitika pa 8 February, 1936, m'hotela ya Ritz-Carlton mu mzinda womwewo. Eagles anasankha Jay Berwanger, mnyamata wochuka koposa onse m'makoleji, koma iye sanasewere ndi tsiku limodzi lomwe m'bungwelo. Anakonda kukagwira nchito zina. Chotero kuyambira tsiku loyamba lenileni zinaoneka kuti kusankha poyamba sikutanthauza kupeza.

MZINDA UNAFUNA RICKY WILLIAMS

M'chaka cha 1998 Eagles anapambana masewera 3 okha nalephera 13. Eni timu analemba mphunzitsi watsopano, Bambo Andy Reid, amene anachokera ku Green Bay kumene anali wothandizira chabe, ndipo anthu ambiri ku Philadelphia sanali kumdziwa. Chifukwa cha kulepherako, timuyo inapatsidwa malo achiwiri pa mzere wosankha.

Ochemerera ambiri anali atasankha kale m'mitima mwao. Iwo anafuna Ricky Williams wa ku University of Texas, wothamanga ndi mpira amene anali atangolandira mphoto ya Heisman, imene imapatsidwa kwa wosewera wopambana onse m'makoleji, ndiponso anali atathamanga mayadi ochuruka kuposa wina ali yense wa m'makoleji akuru kufikira nthawi imeneyo. Ngakhale Meya wa mzindawo, Bambo Ed Rendell, analankhula poyera kuti timu itenge Williams. Muulutsi wina wa pa wailesi ya WIP, Bambo Angelo Cataldi, anasonkhanitsa ochemerera 30 nawatengera ku New York kuti akalandire Williams ndi chimwemwe. Pamene anamva dzina lina, chimwemwe chao chinasanduka mkwiyo.

Tisafulumire kuwanena anthu amenewa kuti anali opusa. Iwo anali ataona ndi maso ao zimene Williams anachita, ndipo akatswiri ena a mpira anaganiza chimodzi-modzi. Mphunzitsi wa New Orleans Saints, Bambo Mike Ditka, amene anatengapo chikho ali ku Chicago, anamfuna mnyamatayo kotero kuti anapereka kwa timu ya Washington malo ache onse osankhira a chaka chimenecho, ndi ena awiri a chaka chotsatira, kuti amtenge pa malo achisanu.

Koma Bambo Reid anaona nkhaniyo mwa njira yina. Iye anadziwa kuti wothamanga ndi mpira amagundidwa kawiri-kawiri ndipo thupi lache limatha msanga, pamene quarterback wabwino akhoza kunyamula timu zaka khumi kapena kuposerapo. Ochemerera anali kufunsa kuti, wochuka koposa ndani? Mphunzitsi anali kufunsa kuti, chimene timu iri kusowa nchiyani?

ZIMENE ZAKA ZINAONETSA

Tsopano popeza papita zaka zoposa 25, tikhoza kuwerenga zipatso. McNabb anasewerera Eagles zaka 11, kuyambira 1999 mpaka 2009. M'chaka chache chachiwiri timu imene inali yonyozeka inapambana masewera 11 mwa 16. Iye anaifikitsa kasanu pa masewera olimbirana ukatswiri wa chigawo chao cha NFC, anasankhidwa kasanu ndi kamodzi kukasewera m'gulu la akatswiri la Pro Bowl, ndipo mu February 2005 anaitsogolera ku masewera otsiriza a Super Bowl, kumene inagonja kwa New England Patriots 24 kwa 21.

Nanga anzache amene anasankhidwa pafupi naye? Tim Couch, amene Cleveland inamtenga pa malo oyamba, anakhalako zaka zisanu namchotsa. Akili Smith, amene Cincinnati inamtenga pa malo achitatu, anayamba masewera 17 okha m'zaka zinai, napambana atatu. Onse atatu anali a udindo umodzi, anasankhidwa motsatana tsiku limodzi, ndipo wokuwizidwayo ndiye anatuluka wopambana.

Ricky Williams sanali wolephera ai. Anathamanga mayadi oposa 10,000 m'moyo wache wa mpira, ndipo m'chaka cha 2002 anaposa onse m'bungwemo ndi mayadi 1,853. Koma zambiri mwa zimenezi anazichita ali ku Miami, pakuti ku New Orleans anakhalako zaka zitatu zokha. Saints, amene anagulitsa nkhokwe yonse chifukwa cha munthu mmodzi, anapambana masewera 3 okha m'chaka cha 1999, ndipo Bambo Ditka anachotsedwa nchito. Apa mpamene tiona kulemera kwa chisankho: mphunzitsi mmodzi chinamkhazika pa mpando zaka 14, wina chinamtulutsa pasanathe chaka.

TSIKU LIMENE OCHEMERERA ANALONDOLA

Wina angaganize kuti phunziro lache ndi lakuti anthu wamba azikhala chete, akuru a timu ndiwo adziwa. Koma chaka cha 2020 chitiletsa kunena chotero. M'chaka chimenecho, chifukwa cha mliri wa Covid-19, chisankho chinachitika anthu ali m'nyumba zao, ndipo Eagles, motsogozedwa ndi Bambo Howie Roseman, anachita zinthu ziwiri zimene zinakwiyitsa mzinda.

Choyamba, pofuna wosewera wowakha mpira, anatenga Jalen Reagor pa malo a 21, nasiya Justin Jefferson amene ochemerera ambiri anamfuna. Minnesota inamtenga Jefferson pa malo otsatira, a 22. Jefferson anawakha mpira mayadi 1,400 m'chaka chache choyamba chokha, pamene Reagor m'zaka ziwiri sanafike ndi 700 omwe, ndipo m'chaka cha 2022 Eagles anamtumiza ku Minnesota komweko. Pamenepa ochemerera ndiwo anaona bwino, akatswiri olipidwa nalakwa.

Chachiwiri, tsiku lotsatira anatenga quarterback wina, Jalen Hurts, pa malo a 53. Apa dandaulo linakula koposa, pakuti timuyo inali naye kale Carson Wentz, amene m'chaka cha 2019 anamlonjeza malipiro a madola 128 miliyoni pa zaka zinai. Anthu anati kutenga wachiwiri nkutaya malo pachabe ndiponso nkudzetsa mpungwe-pungwe m'timu. Koma Wentz anafooka chaka chomwecho, Hurts nalowa m'malo mwache mu December. Mu February 2023 anaifikitsa timu ku Super Bowl nigonja 38 kwa 35, ndipo mu February 2025 anabwererako nagonjetsa Kansas City Chiefs 40 kwa 22, iye nalandira ulemu wa wosewera wopambana pa tsikulo. Mphunzitsi wa timu yogonjayo anali Bambo Andy Reid, yemwe uja anasankha McNabb.

Taonani tsono: anthu omwewo, m'masiku awiri otsatana, anadandaula kawiri ndi mtima wotsimikiza chimodzi-modzi. Poyamba analondola, kachiwiri analakwa. Akuru a timu nawonso analakwa poyamba, nalondola kachiwiri. Kukula kwa phokoso sikunasiyanitse zoona ndi zonama.

CHIFUKWA NINJI KUSANKHA KUBVUTA?

Matimu amaononga ndalama zambiri pofufuza anyamatawa. Amatuma anthu kukaonera masewera a m'makoleji, ndipo chaka ndi chaka amaitanira anyamata mazana atatu kapena kuposerapo ku msonkhano umene kwa zaka zambiri wachitikira ku Indianapolis, kumene amawayesa liwiro, mphamvu ndi thanzi, nawafunsa mafunso. Komabe akatswiri awiri a za chuma, Cade Massey ndi Richard Thaler, atasanthula zisankho za zaka zambiri, anapeza kuti pa osewera awiri a udindo umodzi osankhidwa motsatana, woyambayo amaposa mnzache pafupi-fupi maulendo 52 okha pa 100. Kumeneku nkuposa pang'ono chabe kuchita maere.

Zifukwa zache nzosabisika. Mnyamata amene anaoneka chimphona pakati pa anzache a ku koleji amakomana tsopano ndi amuna okhwima, onse aliwiro ndi amphamvu. Wina amabvulala. Wina amagwa m'manja mwa mphunzitsi wosadziwa kumgwiritsa nchito, kapena m'timu yosatha kumteteza. Wina chuma chadzidzidzi chimamsokoneza mutu. Ndipo khama la munthu, limene liri chinthu chachikuru koposa, palibe sikelo yoliyesera. Tom Brady, amene anagonjetsa McNabb mu 2005 uja, anasankhidwa pa malo a 199 m'chaka cha 2000, matimu atatenga kale ma quarterback asanu ndi mmodzi. Iye anadzatenga chikho cha Super Bowl kasanu ndi kawiri.

Ngakhale ziri chomwecho, m'mawa mwache mwa chisankho chiri chonse olemba nkhani amapatsa timu iri yonse malikisi, A kapena B kapena F, monga achitira mphunzitsi. Aphunzitsi amene ali kuwerenga nkhaniyi aona okha bvuto lache: kumeneku nkuchonga pepala mwana asanalembe mayeso. Odziwa bwino za mpirawu amati chisankho chiyenera kuweruzidwa patapita zaka zitatu. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Sitiri kunena kuti ochemerera alibe ufulu wolankhula. Ndiwo amagula matikiti, ndiwo amapirira chisanu m'bwalo, ndipo eni timu, aphunzitsi ndi osewera amabwera nachoka, koma iwo amatsala. Pamene chisankho chinachitikira ku Philadelphia m'chaka cha 2017, anthu pafupi-fupi 250,000 anasonkhana m'masiku atatu kudzangomva maina akuwerengedwa. Anthu otere ali nao mau. Chimene tinena nchakuti kufunsa wosankha chifukwa chimene wasankhira chotero ndi chinthu china, ndipo kunyoza wosankhidwa ndi chinthu chinanso. Mnyamata wa zaka 22 sanadzisankhe yekha. Wosankha nayenso, kaya ndi wa mpira kaya ndi wa mu ofesi, ayenera kukhala ndi chifukwa chimene angachinene poyera, ndi mtima wobvomera pamene zaka zamtsutsa.

Pa 19 September, 2013, Eagles analengeza pamaso pa khamu kuti palibenso wosewera wao amene adzabvala nambala 5, imene inali ya McNabb. Umenewu ndiwo ulemu waukuru umene timu ipatsa munthu wache. McNabb anaima pakati pa bwalo ku Philadelphia, ndipo mzinda umene ana ache ena anamkuwiza ku New York unamuombera m'manja. Panali patapita zaka 14.