Poizoni wodekhetsa chikhodzodzo

Kuno ku Mulanje, munthu wamkulu akamalephera kusunga mkodzo timathamangira kunena kuti ndi ukalamba, kapena kuti analodzedwa. Ine ndimati tiziyamba taganizira za mitsempha. Matenda a multiple sclerosis, osowa ndithu kwathu kuno, amawononga chikuto cha mitsempha ya muubongo ndi mumsana. Uthenga umasokonekera, chikhodzodzo n'kumadzifinya chisanadzaze. Wothyoka msana pangozi ya kabaza amakumananso ndi zomwezi.

Madokotala amayamba ndi mapiritsi monga oxybutynin. Akakanika, pali Botox, poizoni wochokera ku kachilombo ka Clostridium botulinum, amene ku America anavomerezedwa pa vutoli mu 2011. Dokotala amalowetsa kachubu kokhala ndi kamera m'njira ya mkodzo n'kubaya khoma la chikhodzodzo malo pafupifupi 30, mayunitsi 200 onse pamodzi. Mnofu umafooka, chikhodzodzo n'kudekha kwa miyezi 6 mpaka 9, kenako kukabayitsanso. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena mkodzo umakana kutuluka, mpaka aziutulutsa okha ndi katheta.

Musanalipire minibasi yopita kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kayezetseni mkodzo pachipatala cha boma cha Mulanje, chifukwa likodzo nalonso limavutitsa chikhodzodzo.