Imam Malik wa ku Madina ndi Mmene Asilamu Amalemekezera Mphunzitsi

Asilamu ambiri kuno kwathu timatsata madhhab a Imam Shafi'i, koma ana ochepa okha ndi amene amadziwa kuti iwonso anakhalapo pansi kutsogolo kwa mphunzitsi. Mphunzitsiyo anali Imam Malik bin Anas (Allah awachitire chisoni), amene anaphunzitsa ku Madina zaka zambirimbiri mpaka kumwalira kwawo mu 795, chaka cha 179 pa kalendala ya Hijri. Imam Shafi'i anapita kwa iwo ali mnyamata, ataloweza kale buku lawo la Al-Muwatta.

Olemba mbiri amati asanayambe kuphunzitsa Hadith, Imam Malik ankapanga wudhu, kuvala zovala zabwino ndi kudzola mafuta onunkhira, polemekeza mawu a Mtumiki (SAW). Funso likawakulira sankachita manyazi kuvomera kuti yankho lake sakulidziwa, khalidwe limene ife aphunzitsi a lero limativuta zedi. Ntchito yawo sinathere m'darasa mokha. Anthu ankawabweretsera nkhani za mabanja ndi za malonda, ndipo atagamula kuti talaka ya munthu wokakamizidwa sigwira ntchito, bwanamkubwa wa Madina anawakwapulitsa. Chigamulocho sanachisinthe.

Nanga ophunzira awo anawathokoza bwanji? Njira yaikulu inali kutchula dzina. M'maphunziro a Hadith muli chotchedwa isnad, mndandanda wa anthu amene anapatsirana mawu kuchokera kwa Mtumiki. Wophunzira sankangonena Hadith basi, ankayamba wanena amene anamuuza, ndi amene anauza ameneyo. Mndandanda wa Malik kuchokera kwa Nafi', Nafi' kuchokera kwa Abdullah bin Umar, ndi wodalirika kwambiri moti ma ulama anaupatsa dzina loti unyolo wagolide.

Ife mwalimu akakalamba timamugulira mkanjo ndi kofia, kumuchitira dua, n'kubalalika. Zimenezi n'zabwino, koma mwalimu amene waphunzitsa alif, baa, taa zaka 30, kusambitsa maliro ndi kuyanjanitsa mabanja, kawirikawiri amapuma wopanda penshoni, ndipo zidzukulu za ophunzira ake sizidzamudziwa. Komiti ya mzikiti ingathe kutsegula kaundula wa amwalimu athu onse, ndi amene anawaphunzitsa, akuluakulu okumbukira adakalipo. Ana inu, patchuthi chino funsani makolo anu amene anawaphunzitsa Fatiha, mudzabwere ndi dzinalo tikatsegulira sukulu.