Mukatopa ndi matewera, si kuti chikondi chatha

Ngati mukulera mwana waulumali ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri, mukudziwa momwe kumachera. Anzanu akupita ku msika, inu muli pa beseni kuchapa matewera ndi zofunda, madzi ake ogula pa kiyosiki. Mwana wakwana zaka zisanu ndi chimodzi koma akudziwonongerabe, ndipo chimbudzi cha pa lendi n'chogawana ndi mabanja ena amene sachedwa kuyankhula. Tsiku lina mumam'kalipira mwanayo, usiku n'kumalira nokha. Dziwani kuti thupi lanu latopa chabe, simunasiye kum'konda.

Mwanayonso sachitira dala. Ana ambiri a cerebral palsy, vuto lomwe limabwera mwana akabanika pobadwa, akadwala chikasu chachikulu ali wakhanda kapena malungo a mu ubongo, amavutika kunjuta ndi kudzigwira. Wa autism amatha kuopa mdima ndi dzenje la chimbudzi chokumba. Wobadwa ndi chotupa pa msana, spina bifida, nthawi zambiri samva n'komwe kuti mkodzo ukubwera. Ameneyu afunika madokotala a ku Gulupu, osati chikwapu.

Yambani ndi nthawi. Matumbo amagwira ntchito munthu akangodya, choncho mukhazikeni mwana pakapita mphindi 15 mpaka 30 atamwa phala, tsiku lililonse nthawi yomweyo, kwa mphindi zisanu zokha. Kalipentala wa pa msika angakubowolereni mpando wotsamira, pansi pake muike ndowa, mapazi a mwana aponde pansi. Sankhani mawu amodzi kapena chizindikiro chimodzi cha dzanja chomwe onse pakhomo azigwiritsa ntchito. Akakhoza muyamikireni, akalephera mupukuteni mwakachetechete. Mukaona kuti akudzimbidwa, onjezerani madzi akumwa, papaya ndi ndiwo zamasamba. Zimatenga miyezi, ena zaka.

Musasenze nokha. Ku Gulupu ndi ku Kachere Rehabilitation Centre kuli akatswiri a mafizo amene angakulangizeni za mpando woyenera mwana wanu. Bungwe la PODCAM limasonkhanitsa makolo a ana aulumali, ndipo kumva mnzanu amene anadutsamo kumapepusa mtima. Inu bambo, kuchapa thewera sikuchotsa ulemu. Mayi akagona tulo tokwanira, nyumba yonse imapuma.

Kwa ife a mu mphakati, funso ndi ili: kodi pali mayi amene anasiya kubwera ku Misa chifukwa choopa kuti mwana adziwonongera mu tchalitchi? Sabata ino mum'yendere ndi sopo ndi chigubu cha madzi, ndipo mugwirizane anthu awiri oti azikhala ndi mwanayo maola atatu Loweruka lililonse, mayiyo apite ku msika kapena angogona.