Werengani Kachitsulo ka pa Makina Musanawalumikize ku Magetsi

Pa pampu ya madzi, pa furiji, pa makina ofungatira mazira ndi pa mota ya chigayo pamakhala kachitsulo kolembedwa manambala. Alimi ambiri pogula amafunsa mtengo ndi kukula kwa makinawo, koma kachitsuloko sakawerenga. Chonsecho, n'komwe kamanena mtundu wa magetsi amene makinawo amafuna. Mukawapatsa magetsi amtundu wina, ndalama za zokolola za chaka chonse zingathe kupsa tsiku limodzi.

Nambala yoyamba kuiona ndi imene ili ndi chilembo V, kutanthauza ma volt. Taganizirani thanki ya madzi yothirira kudimba. Thanki ikakhala pamwamba, madzi amatuluka m'paipi mwamphamvu. Ma volt ndiwo kukankha kumeneko, pamene ma amp, olembedwa ndi A, ndiwo kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya. Mukachulukitsa ma volt ndi ma amp mumapeza ma watt, muyeso wa mphamvu imene makina akudya. M'nyumba za muno mu Zambia, ZESCO imatipatsa ma volt 230. Zigayo ndi mapampu akuluakulu amafuna magetsi a nthambo zitatu zamoto, otchedwa three-phase, a ma volt 400, ndipo sangayende pa soketi ya m'nyumba.

Nambala yachiwiri ili ndi zilembo Hz. Magetsi ochokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge sayenda njira imodzi monga madzi a mumtsinje. Amapita ndi kubwerera monga macheka m'manja mwa wocheka matabwa, ndipo n'chifukwa chake amatchedwa AC. Kuno amachita zimenezi ka 50 pa sekondi iliyonse, ndiye 50 Hz. Liwiro la mota limatsatira nambala imeneyi. Ku America amagwiritsa ntchito ma volt 120 ndi 60 Hz. Makina ochokera kumeneko mukawalumikiza pa soketi yathu amapsa nthawi yomweyo. Thiransifoma ingathe kutsitsa ma volt, koma sisintha Hz. Motayo idzazungulira pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene anaipangira, ndipo ingathe kutentha. Katundu wochokera ku South Africa alibe vuto limeneli, pakuti kumeneko magetsi a m'nyumba ndi ofanana ndi athu.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo alimi ambiri anatembenukira ku sola ndi majenereta. Apa m'pofunika kusamala. Sola ndi batire zimapereka magetsi oyenda njira imodzi, otchedwa DC, kawirikawiri a ma volt 12, 24 kapena 48. Makina olembedwa AC amafuna inverter kuti isandutse magetsiwo. Jenereta yaing'ono ya petulo imatulutsa 50 Hz pamene injini ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Mukaisenzetsa katundu woposa mphamvu yake, injini imalema, ma volt ndi Hz zimatsika pamodzi. Dziwaninso kuti mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene yakhazikika. Choncho pampu ya ma watt 750 imafuna jenereta ya mphamvu yoposa pamenepo kawiri kapena katatu.

Ambiri amaopa magetsi ochuluka okha, koma ochepa nawonso amapha mota. Ma volt akatsika, mota imakoka ma amp ambiri kuti igwire ntchito yomweyo, ndipo mawaya a mkati mwake amatentha mpaka kupsa. Zimenezi zimachitika kwambiri pamene mlimi wakoka waya wowonda komanso wautali kuchokera kunyumba kupita kudimba, chifukwa ma volt amatayika m'njira. Mababu akamayaka mofooka, kapena pampu ikamangolira osazungulira, zimitsani msanga. Magetsi akazima, zimitsaninso makina onse, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo musanayatse. Amene mukuswetsa anapiye kumbukirani kuti dzira la nkhuku limafuna kutentha kosasintha kwa masiku 21. Konzeranitu batire kapena jenereta musanaike mazira m'makina.

Magetsi a ma volt 230 amapha munthu, makamaka ponyowa. Musachotse waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu, pakuti ndiye amene amapereka njira yopita m'nthaka pamene magetsi athawira pa chitsulo cha makina. Musaike waya wamba m'malo mwa fyuzi, ndipo kuyala mawaya m'nyumba kapena m'khola kusiyireni mmisiri wovomerezeka.

Popita kukagula makina, lembani pa pepala manambala a magetsi amene muli nawo pafamu panu: ma volt, Hz, AC kapena DC, ndi ma watt amene jenereta kapena inverter yanu ingathe kunyamula. Yerekezani ndi a pa kachitsulo muli m'sitolo momwemo, ndalama zikadali m'thumba.