Mwini Munda Aphunzitse Opopera Mankhwala

Dzinja likafika ambiri a inu mumalembedwa ganyu wopopera mankhwala m'minda ya fodya ndi thonje. Tcherani khutu, pakuti mankhwala opha mbozi aphanso munthu.

Kumunsi kwa pepala lomata pa botolo kuli mzere. Wofiira, wokhala ndi chigaza ndi mafupa opingasa, unena ululu woopsa ndithu. Wachikasu utsatapo, kenaka wabuluu. Wobiriwira ndiwo wochepa ukali. Ululuwo ulowa pakhungu, pamphuno ndi pakamwa. Tsono wopopera avale magolovesi, nsapato ndi chophimba kumaso; asapopere moyang'anana ndi mphepo; asadye kapena kusuta fodya asanasambe ndi sopo. Botolo lotha alitsuke katatu, alibowole, kuti lisasanduke chotungira madzi. Akamva chizungulire, nseru ndi malovu ochuluka, amtengere kuchipatala msanga, pamodzi ndi botololo.

Inu eni minda, musapereke botolo kwa munthu amene simunamphunzitse zimenezi, makamaka wosadziwa kuwerenga. Ana asayandikire konse. Lamulo lachisanu la Mulungu likukhudzani: moyo wa wantchito wanu adzaufunsa kwa inu.