Switchi ikamagwa, imvereni

Mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, switchi yaikulu ya m'nyumba yomwe ndimachita lendi ndi msuweni wanga inayamba khalidwe lachilendo. Tikangoyatsa ketulo, phwa! magetsi onse azima. Kuikweza, kugwanso. Tsiku lachitatu msuweni wangayo zinamukwana.

"Aise, tingolumikiza waya wolambalala chinthuchi, chikutichedwetsa kuntchito," anatero.

Kunena zoona ndinatsala pang'ono kuvomera, koma mtima unakana. Tinaitana bambo wina wokonza zamagetsi. Atayeza ndi kamakina kawo, anaitembenuza ketulo ija n'kutionetsa pomwe madzi ankalowera kunsi.

"Achimwene, switchiyi ilibe mlandu. Magetsi akutayikira m'chitsulo cha ketuloyi. Mukanailambalala, bwenzi wina atauma nayo m'manja."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuchita chidwi ndi kabokosi ka pakhoma kaja. Muli alonda a mitundu iwiri. Breaker wamba imagwa mukachulutsa zipangizo pa waya mmodzi, kapena mawaya awiri akakhudzana. Ntchito yake ndi kuteteza nyumba ku moto. Ina, yotchedwa earth leakage, imayerekeza magetsi amene akupita ndi amene akubwerera. Akasiyana ndi ma milliamp 30 okha, imadziwa kuti ena apeza njira yachidule, mwina kudzera m'thupi la munthu, ndipo imadula sekondi isanakwane. Si nyumba zonse zili nayo, choncho funsani alandilodi.

Alonda otere sali m'nyumba mokha. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. ESCOM imawagawa m'madera pa mawaya a mavolti 33,000 kapena 11,000, kenako thiransifoma ya m'dera lanu imawatsitsa kuti afike pasoketi ali 230. Pathiransifoma pali mafyuzi, ndipo kumalo ogawira magetsi kuli makina odula mzere wonse akamva vuto.

Munaonapo magetsi akuzima nthawi ya mphepo n'kuyakanso okha pakangopita masekondi ochepa? Kawirikawiri imakhala nthambi yakhudza waya. Pa mizere ina pali makina amene amadula, kudikira pang'ono, n'kuyesanso. Nthambiyo ikakhala yachoka, magetsi amapitirira. Ikakhala idakalipo, makinawo amatsekeratu mpaka amisiri afike. N'chifukwa chake waya wogwa pansi sitimuyandikira ngakhale dera lonse lili mumdima: akhoza kudzuka nthawi iliyonse. Imani patali, letsani ana, imbirani a magetsi.

Nanga switchi ya kwanu ikagwa? Zulani zipangizo zonse m'masoketi, manja ali ouma. Ikwezeni kamodzi. Ikakhazikika, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Chimene chiigwetsenso ndiye wakubayo. Ikagwa popanda chilichonse cholumikizidwa, vuto lili m'mawaya a m'khoma, mwina makoswe adya kapena denga likudontha. Pamenepo musakakamire, itanani mmisiri wovomerezeka. Soketi yotentha, yakuda m'mbali kapena yonunkha pulasitiki wopserera nayonso ikukuuzani zomwezo. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja. Thamangirani kuzimitsa switchi yaikulu.

Ketulo ija tinaitaya, tinasonkherana n'kugula ina. Msuweni wanga anadandaula sabata yathunthu kuti ndalama ya bando yapita. Koma masiku ano switchi ikagwa, iyeyo ndi amene amayamba kuzula mapulagi.